Mfuti Yopanda Katemera

Ine ndinakulira kwa Kawale, ndipo chida choopsa kwambiri chimene ndinagwirapo ndisanakwere ndege chinali legeni. Ndi legeniyo ndinapha njiwa ziwiri ndi zenera limodzi la aneba. Ndayamba ndi kuulula zimenezi kuti musadabwe ndi zomwe zinandigwera kuno ku South Bend, ku Indiana, kumene Amalawi tachulukana moti ukayetsemula mu Walmart wina kuseri kwa mashelefu amayankha kuti "pepani achimwene".

Ndimagwira ntchito ku Elkhart, m'fakitale ina yopanga nyumba zoyenda pa matayala zija amati RV. Pamzere wanga pali mzungu wina wa ndevu zofika pachifuwa, munthu wabwino mtima koma wodwala matenda amodzi: nkhani iliyonse, kaya ya mvula kaya ya maliro, iye amaikhotetsa mpaka ifike pa mfuti. Loweruka lina ananditengera ku range, malo olipira oombera mapepala. Anandipatsa mfuti yake ya AR-15, ndinaomba kasanu, ndipo zipolopolo zitatu zinalowa papepala. Langa kapena la munthu wa pambali, zimenezo tisafufuze. Ndinabwerako ndikuyenda ngati msilikali wa ku Kamuzu Barracks.

Chindevu, monga ndimamutchulira, ataona kuti nyambo yagwira anayamba ulaliki. Mfuti imeneyi, anatero, anaipanga Eugene Stoner ku kampani ya ArmaLite m'zaka za m'ma 1950, ndipo AR akuimira ArmaLite Rifle. Kampaniyo inagulitsa pulaniyo ku kampani ina ya mfuti, Colt, mu 1959. Ubwino wake ngwakuti imagawika pawiri, lower pansi ndi upper pamwamba, ndipo zimalumikizana ndi mapini awiri okha. Lower ndiyo ili ndi nambala, ndiyo boma limaiona ngati mfuti. Imeneyo umakaigula kusitolo ya chiphaso, kulemba fomu 4473, iwo n'kufufuza mbiri yako usanaitenge. Upper, yomwe ili ndi paipi yotulukira chipolopolo, kuno ku Indiana amakutumizira pakhomo m'katoni ngati nsapato.

Lower ndinagula bwinobwino, mapepala anga ali m'malo mwake. Vuto linayambira pamwamba.

Chindevu anandilembera pakapepala: paipi ya mainchesi 16, chifukwa yochepera pamenepo ili ndi malamulo ake ena, ikhale mid-length, yolembedwa 5.56, yomwe ndi saizi ya chipolopolo; ndi mawu ena ambiri a zitsulo. Anandisonyezanso upper ina ya madola 550 n'kunena kuti, "Gula iyi, ulire kamodzi." Kenako anafotokoza za mid-length kwa mphindi makumi awiri. Ine ndinkagwedeza mutu ngati ndili m'kalasi ya katekisimu, koma m'mutu ndinali nditamaliza kale: mid ndi medium. Malaya ndimavala medium, ndiye mfutinso ikhale medium. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Koma madola 550! Ine mwana wa msika wa Tsoka, amene ndinagulapo jekete ya chikopa pa theka la mtengo wake chifukwa chonamizira kuchoka katatu, ndilipire mtengo woyamba kuuzidwa ngati mzungu wa pa Cape Maclear? Ndinadikira Black Friday, tsiku lotsatira Thanksgiving pomwe masitolo amatsitsa mitengo. Usiku wa Thanksgiving, mimba itadzadza nkhukundembo ndi nsima, ndinakhala pa foni mpaka ndinaipeza pa intaneti, kusitolo ina yomwe sindiitchula: mainchesi 16, mid-length, 5.56, madola 219. Pachithunzi inkaoneka chimodzimodzi ndi ya Chindevu, yakuda bii, yonyezimira. Pansi pake panali timawu ting'onoting'ono takuti "No BCG/CH".

Apa mundimvetse. Mmalawi aliyense wobadwira kuchipatala amadziwa BCG. Ndi katemera wa TB, chipsera chake tili nacho pamkono tonsefe. Ndiye nditawerenga kuti "No BCG" ndinaseka ndekha m'chipinda. Azungu awa ndi malamulo awo, mpaka kulengeza kuti chitsulo sichinabayidwe katemera? Ndinaganiza kuti ndi machenjezo awo achabechabe aja, onga olembedwa pakapu kuti khofi ndi wotentha. CH sindinaiganizire n'komwe. Ndinadina, n'kuwonjezera madola 15 otumizira, ndipo ndinagona tulo ta munthu amene wapusitsa dziko lonse la America.

Katoni itafika, mayi a Tadala anaiyang'ana kutalika kwake n'kufunsa, "Bambo a Tadala, ichi n'chiyaninso?"

"Ndi theka chabe la chinthu chija cha masewera a Loweruka. Ndachipeza motchipa kwambiri, mayi."

"Theka?"

"Theka la pamwamba."

Anangoti "mhm" n'kubwerera kukhitchini. Amene muli pabanja mukuidziwa "mhm" imeneyo. Imasungidwa mufiriji, siwonongeka.

Loweruka ndinafika ku range nditanyamula chikwama changa monyada. Ndinatulutsa lower, ndinatulutsa upper, mapini awiri aja thwa, thwa. Chindevu anailandira, anaitembenuza, anasuzumira m'kati, kenako anayang'ana m'chikwama, kenako anayang'ana ine.

"BCG yako ili kuti?"

Ndinadabwa kuti zaumoyo zalowa bwanji, koma munthu akafunsa umayankha. Ndinavula jekete, kukwinya mkono wa malaya n'kumuonetsa chipsera. Ndinawonjezera kuti ndinabayidwa ndili wakhanda, ndipo khadi la kusikelo mwina likadali m'sutikesi ya amayi anga ku Lilongwe.

Bambo uja anakhala pansi. Anaseka mpaka ndevu zinanyowa, mpaka woyang'anira range anabwera kudzaona ngati wina wavulala. Atapeza mpweya anatsegula mfuti yake n'kutulutsa chitsulo chotalika ngati chikhatho, cholemera bwino. Imeneyo ndiyo BCG, bolt carrier group, mtima wa mfuti. Ndiyo imakankhira chipolopolo m'malo mwake, kutseka, kusunga kamsomali komenya chipolopolocho, n'kutaya chigoba mukaomba. CH ndi charging handle, chogwirira chokokera BCG kumbuyo. Ine ndinali nditagula galimoto yopanda injini ndi kiyi, koma penti yake yokongola. Pamwamba pake panalibenso zoyang'anira polondolera, panali mzere wa mano okhaokha. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Tsiku limenelo ndinalipira madola 20 a pakhomo kuti ndiziyang'ana anzanga akuomba.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo. Ine ndinabwerera pa intaneti kukasakanso chotchipa. BCG zinalipo za madola 150, za 200, ndipo ine ndinapeza ya 69. Charging handle ya 20. Zoyang'anira ndinabwereka kwa Chindevu.

Ulendo wachiwiri zinayamba bwino. Phaa! Phaa! Phaa! Magazini yoyamba, kabokosi ka zipolopolo, inatha, yachiwiri inatha. Ndiyenera kunena chilungamo: mfutiyo inali yofatsa paphewa, sinkadumpha ngati ina yomwe ndinayesako ya mnzake wa Chindevu. Nditanena zimenezi iye anati, "Ndi mid-length imeneyo," n'kubwerezanso phunziro lija, ndipo ulendo uno ndinamvetsera. Paipi ili ndi kabowo kakang'ono pamwamba. Chipolopolo chikadutsa kabowoko, mpweya wotentha wa wonga umapatukira m'kachubu n'kubwerera kukakankha BCG kuti ilowetse chipolopolo china. Kabowoko kakakhala pafupifupi mainchesi 7 kuchokera kumbuyo amati carbine, pa 9 ndi mid-length, pa 12 ndi rifle. Carbine inapangidwira mapaipi aafupi, monga ya M4 ya asilikali ya mainchesi 14.5. Ukaiika pa paipi ya 16, chipolopolo chimakhalitsa m'kati chitadutsa kabowo, mpweya wambiri umabwerera mwaukali, zitsulo n'kumamenyana ngati mitala. Mid-length imasunthira kabowo kutsogolo, mpweya umafika utazizirako mtima. Choncho chinthu chimodzi chokha chimene ndinakhoza pa nkhani yonseyi, ndinachikhoza chifukwa cha saizi ya malaya.

Magazini yachitatu ili pakati, mfuti inayamba ulesi. Phaa! Kenako zii. Ndikoke chogwirira, phaa! Zii. Chipolopolo chilichonse ndimayenera kuchipempha ndi dzanja. Mnyamata wina wa pambali, wa zaka ngati za mwana wanga woyamba, anali kuomba motsatizana ngati chimanga chokazinga, ine ndili phaa, koka, phaa, koka, ngati mlenje wa mfuti ya gogodela.

Ndinaweramira pansi kuti ndione chavuta n'chiyani, ndipo pomwepo chigoba chotentha chochokera ku mfuti ya mnyamata uja chinauluka n'kulowa pakhosi pa malaya anga, kumsana. Amene sanaotchedwepo ndi chigoba asaweruze. Chili ngati khala la mbaula lomwe lili ndi miyendo. Chokhacho chimene ndimadzitamandira n'chakuti ndinakumbuka lamulo la Chindevu: ndinaika mfuti patebulo italoza kutsogolo ndisanayambe gule. Koma gule yekhayo ndinavina. Ndinayamba ndi beni, kupita ku manganje, kumalizira ndi zina zomwe ngakhale kudambwe sanazione. Chigoba chinatsika msana wonse n'kukaima palamba, pamalo pomwe munthu wamkulu sapisapo dzanja pagulu. Ndinapisa. Woyang'anira range anakuwa kuti aliyense aleke kuomba, ndipo anthu khumi ndi awiri ovala zotseka m'makutu anatembenuka kudzaona bambo wa ana atatu, msungichuma wa kwaya, akukutumula thalauza uku akuitana amayi ake m'Chichewa.

Lolemba lake ndinatengera zonse kwa mkulu wina wokonza mfuti, wokalamba, wosalankhulalankhula. Anatulutsa BCG yanga n'kugwedeza kachitsulo ka pamwamba pake ndi chala. Kankagwedera ngati dzino la mwana. Kameneko ndi gas key, polandirira mpweya uja. Kamamangidwa ndi masikuluwu awiri, ndipo opanga osamala amafinya chitsulo m'mbali mwa mitu yake kuti asamasuke, okha amati staking. Pa yanga anangokandapo ngati nkhuku yofuna chakudya. Masikuluwu atamasuka, mpweya unkathawira m'mbali, BCG n'kumabwerera theka la ulendo.

Kenako anandionetsa mmene iye amaonera katundu, ndipo ndinazindikira kuti ndi zomwezija timachita pa kaunjika, kungoti ine ndinasiya nzeruzo pa bwalo la ndege. Pa kaunjika suyang'ana mtundu wa jekete. Umaitembenuza, kuona msoko, kukoka zipi, kununkhiza m'khwapa. Iyenso kuda ndi kunyezimira analibe nako ntchito. Anafufuza zilembo pa bolt, kamutu ka BCG kotsekera chipolopolo: MPI, kusonyeza kuti anaiyeza ngati ili ndi ming'alu yobisika, ndi HPT, kuti anaiyesa ndi chipolopolo champhamvu kuposa wamba. Pa yanga panalibe chilichonse, mbee. Anafunsa ngati ogulitsa ananena chitsulo chake, kaya Carpenter 158 chomwe asilikali amafuna kaya 9310. Ndinayankha kuti ananena kuti ndi chakuda. Paipi anaiwerenga ngati kalata: 5.56, ndi 1:8, kutanthauza kuti mizere ya m'kati imazunguza chipolopolo kamodzi pa mainchesi 8 alionse. Anasuzumira m'kati ndi tochi, anaona timakwerero tolowetsera zipolopolo ngati tikugwirizana, anagwedeza chotchingira manja. Pomaliza anati upper yeniyeniyo ilibe mlandu. Si yapamwamba, chitsulo cha paipi n'chapakatikati, koma kwa munthu woombera mapepala kawiri pamwezi ingandikwanire mpaka ukalamba. Mtengo wake unali woona pa zimene zinali m'katonimo. Zomwe munalibe ndi zomwe ine ndinaziwerengera ndekha m'mutu.

BCG ija anati akhoza kuimanga, koma bolt yosadziwika kwawo iye sangaiike pafupi ndi nkhope yake. Ndinayang'ana nkhope yanga pagalasi la kabati yake. Si yokongola kwenikweni, koma ndi yomweyi. Ndinagula yatsopano ya madola 165, ndi 40 ya ntchito yake.

Ulendo wachitatu mfuti inayenda ngati wotchi. Ndinavala malaya otseka mpaka kukhosi, ndipo woyang'anira range atandiona anagwedeza chiuno pang'ono, mwaulemu.

Kumapeto kwa mwezi ndinapeza mayi a Tadala ali patebulo ndi magalasi, mapepala a kubanki ndi kope lawo la masamu a pakhomo. "Mhm" ija inali itatuluka mufiriji. Anawerenga mokweza ngati mlembi wa mpingo: 219, 15, 69, 20, 165, 40, ndi 20 katatu ya pakhomo pa range.

"588," anatero. "Ija anakuuzani anzanu inali zingati?"

"550, mayi."

"Yathunthu?"

"Yathunthu."

Analemba kenakake m'kopemo. Mayi a Tadala amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye za chipatala amazidziwa kuposa ine. Anatenga malisiti awiri omwe anawapeza m'thumba la jekete yanga, anawayala bwinobwino, n'kuloza ndi cholembera.

"Zinazi ndazimva. Koma tandiuzani, bambo a Tadala. Katemera amene kwathu tinabayidwa ulere, inu mwalipira kawiri. Mukutsokomola?"