Loweruka, 31 Ogasiti 2024: tsiku la Miku

Ndinadzukira mulu wa zochapa. Foni ndinaiika pampando wa pakhonde, nyimbo zikulira, ine manja ali m'thovu. Mphwanga anatulukira ndi kapu ya tiyi, anaima kaye n'kutchera khutu, kenako anati: "Achimwene, mtsikana ameneyu amapuma nthawi yanji?"

Inali ikulira "Hatsune Miku no Shoushitsu" yopekedwa ndi cosMo, ya mu 2008, yothamanga moti lilime la munthu lingapindike. Ndinamuuza kuti akuimbayo si munthu. Ndi Hatsune Miku, pulogalamu ya pakompyuta, ndipo lero lomwe wakwanitsa zaka 17 chiitulutsireni kampani ya Crypton Future Media ya ku Sapporo ku Japan, pa 31 Ogasiti 2007. Luso lake ndi la Vocaloid, la kampani ya Yamaha. Mawu anawajambula kwa mayi wina dzina lake Saki Fujita, n'kuwadula tizidutswatizidutswa. Wopeka nyimbo amalemba mawu, amaika manoti, amasankha pomwe liwu linjenjemere ndi pomwe lipume. Ntchito ya masiku ambiri, ali yekha m'chipinda.

Mphwanga anakoka mpando n'kundipempha kuti ndimusankhire zoyambira. Ndinapukuta manja mosanyinyirika.

Ndinamuyambitsa ndi "Melt" ya ryo, ya mu Disembala 2007, imodzi mwa zimene zinatchukitsa Miku pa Nico Nico Douga, tsamba la mavidiyo la pa intaneti la ku Japan. Ndi kankhani kofewa: mtsikana wameta tsitsi la pamphumi kuti mnyamata amuone, mvula yawapeza panjira, alowa mu ambulera imodzi. Kenako "Senbonzakura" ya Kurousa-P, ya mu 2011, yomwe piyano yake imathamanga osatembenuka. Imeneyo anaikonda pompo, mwendo unayamba kugunda pansi. "Matryoshka" ya mu 2010 anati ndi yaphokoso, koma atamva kuti Hachi amene anaipeka ndi Kenshi Yonezu, yemwe pano amaimba ndi mawu akeake ndipo ndi mmodzi mwa oimba otchuka kwambiri ku Japan, anati ndiibwereze.

Yomwe ndinaisunga komalizira ndi "Rolling Girl" ya wopeka nyimbo wotchedwa wowaka, ya mu 2010. Imeneyi sindiimvera ndikugwira ntchito, choncho ndinasiya beseni n'kukhala pansi. Imayamba ndi piyano yobwereza malo amodzimodzi ngati mutu wa munthu amene akusowa tulo. Ikunena za mtsikana wotopa, amene amangogwa n'kumapempha kuti ayesenso kamodzi, kamodzi kokha. Liwu la Miku mmenemo ndi lopyapyala, lopanda kulira, lopanda kudzikometsera, ndipo kwa ine n'chimene chimaipangitsa kulasa mtima. Woimba waluso akanaithira misozi yambiri. Apa ululu wonse uli m'mene wowaka anapanikizira mawuwo, osampatsa mtsikanayo mpata wopuma. Chaka china zinthu zitandithina, ndinkaimvera usiku uliwonse, ndipo ndinkamva kuti kwinakwake kuli munthu amene akudziwa kutopa kwa mtundu umenewo.

wowaka anadzayambitsa gulu loimba la Hitorie, n'kumaimba ndi mawu akeake. Mu 2017, Miku akukwanitsa zaka 10, anabwereranso ndi "Unknown Mother-Goose". Anamwalira mu Epulo 2019 ndi vuto la mtima, ali ndi zaka 31 zokha. Nditanena zimenezi mphwanga anangoti zii, tiyi atamuzizirira m'manja. Patapita kanthawi anafunsa ngati mawu a nyimbo ija ndingamupezere m'Chingerezi. Ndinamupezera, anawawerenga kawiri.

Zochapa ndinamaliza dzuwa litapendeka, ndipo mabulangete sanaume, ndawayanika m'nyumba pamipando. Madzulo mphwanga anabwereka mahedifoni anga n'kukadzitsekera kuchipinda. Pano ikupita 10 koloko, sanabweze. Ndikumumva kuseri kwa khoma akugogoda tebulo ndi zala, kutsatira piyano ija.