Injini yothima mafuta akafika pakati pa thanki

Masabata atatu motsatizana ndege yanga yaing'ono youlutsa ndi wailesi yakhala ikutera injini itathima. Loweruka lililonse nkhani inali imodzimodzi: inyamuka bwinobwino, izungulira mphindi zisanu, kenako kulira kwa injini kusintha, kukhala kouma ndi kothamanga, ndiye zii. Mwayi wake ndi ndege ya ophunzira, ya mapiko apamwamba, moti imatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kufika pa udzu. Komabe mtima umakhala uli m'mwamba nthawi yonseyo. Lero ndapeza chimene chimavuta.

Injini yake ndi ya two-stroke, ya .46, imene kukula kwake ndi pafupifupi 7.5 cc. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito kuno ku Johannesburg. Pulopela ndi 11x6, yotalika mainchesi 11. Mafuta ndi methanol wosakaniza ndi nitro 10 peresenti ndi oyilo 18 peresenti, ndipo gawo lina la oyiloyo ndi mafuta a nsatsi, zomwe zija zimangomera zokha m'mabwinja kwathu. Utsi wake ukandidutsa pamphuno ndimakumbuka kumudzi.

Sabata yoyamba ndinakayikira pulagi. Injini zimenezi zilibe koyilo kapena spaki. M'kati mwa pulagi muli kawaya kopotana kosakaniza ndi platinum. Poliza injini timakatenthetsa ndi kabatire ka 1.2 volts, ndipo tikachotsa batire kawayako kamapitiriza kuyaka kokha chifukwa methanol akakhudza platinum amatulutsa kutentha. Nditamasula pulagi ndinapeza kawayako katatuwa ngati phulusa, katapindikira mbali imodzi. Ndinaika yatsopano, ya mtundu wa O.S. No. 8, ndi kupita kunyumba ndili wokhutira kuti ndathana nazo. Chimene sindinadzifunse ndi chakuti chinatuwitsa kawayako n'chiyani. Pulagi yotero imatanthauza kuti injini yakhala ikutentha mopitirira, ndiye pulagiyo inali mboni chabe, wolakwa ali kwina.

Sabata yachiwiri ndinalimbana ndi singano ya kabuleta, imene imachepetsa kapena kuchulukitsa mafuta olowa mu injini. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini siipereka mphamvu ngati momwe ingaperekere ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Pofuna kubwezera mphamvuyo ndinkatseka singano mpaka injini ikulira mokweza kwambiri, n'kuisiya pomwepo. Madala wina wa pakalabu, amene wakhala akuulutsa ndege zimenezi ine ndisanabadwe, anandiimitsa. Anandionetsa kuti ukafika pamene injini yalira mothamanga kwambiri, umabweza singano makiliki awiri kapena atatu kuti mafuta achulukeko, chifukwa m'mwamba pulopela imapepukidwa ndipo injini imafuna mafuta ambiri kusiyana ndi pansi. Oyilo wa injini zimenezi amayenda m'mafuta momwemo, palibe sampu yosungira oyilo payekha. Ukamana injini mafuta waimananso oyilo.

Tinayesa zonse zimene anthu amayesa. Ndinanyamula ndege mphuno kuloza kumwamba, injini ili pa moto wonse, kwa masekondi khumi: sinafooke. Pa moto wochepa ndinatsina kapaipi ka mafuta ndi zala: inakwera pang'ono kwa masekondi atatu kapena anayi isanathime, ndipo umo ndi momwe ziyenera kukhalira. Ikanathima pomwepo tikanati mafuta akuchepa, ikanatenga nthawi yaitali tikanati akuchuluka. Ndinabwerekanso mafuta kwa mnzanga poganiza kuti anga alowa madzi, popeza methanol amayamwa chinyezi botolo likakhala losatseka bwino. Ndege inanyamuka, mphindi zisanu, zii. Pulagi yachiwiri nayonso inatuwa.

M'mawa uno ndisanatsitse n'komwe ndege m'galimoto, madala aja anandifunsa funso limene sabata zonsezi palibe analifunsa.

"Ikamathima, mu thanki mumakhala mutatsala mafuta ochuluka bwanji?"

"Theka, madala. Nthawi zonse theka."

"Nanga pansi pano mumaiyesa thanki ili bwanji?"

Apa m'pamene ndinazindikira. Mayeso onse aja ndinkawachita nditangothira mafuta, thanki ili tho. Thanki yanga ndi ya pafupifupi mamililita 300, ndipo injini ya .46 imamaliza theka lake m'mphindi ngati zisanu zomwezo.

Tinathira mafuta ochepera theka, n'kuliza. Sipanapite nthawi, m'kapaipi ka silicone kopita ku kabuleta munayamba kuoneka tinthovu ta mpweya, ting'onoting'ono, tondondozana ngati mikanda. Nditakweza mphuno ya ndege tinthovu tija tinakula, injini inalira kouma kuja ndakhala ndikukumva m'mwamba, n'kuthima m'manja mwanga.

Kutulutsa thanki kunandidyera theka la ola, chifukwa imakhala kuseri kwa thabwa limene injini imamangidwapo ndipo zala sizilowa bwino. M'kati mwa thanki muli kapaipi kofewa kokhala ndi kachitsulo kolemera kumapeto, kamene timati clunk. Ntchito yake ndi kutsata mafuta kulikonse kumene apita ndege ikapendekeka kapena kutembenuka chagada. Kapaipi kameneka kamavalidwa pa kapaipi ka mkuwa kodutsa pa chitsekerero cha thanki. Poyang'ana koyamba sindinaone kanthu. Nditakakoka pang'ono, pamalo pomwe kamakumana ndi mkuwa panatseguka kamng'alu kosaposa mamilimita awiri. Amene anadula mkuwawo anasiya m'mphepete muli mwakuthwa, ndipo kugwedezeka kwa injini kunkacheka silicone pang'onopang'ono. Chitsekererocho chili pakati penipeni pa thanki. Thanki ikadzaza, mng'aluwo umakhala womira m'mafuta ndipo injini imamwa mafuta okhaokha. Mafuta akatsika kudutsa theka, mng'alu umakhala pamtunda ndipo injini imayamba kukoka mpweya. Singano sikanathetsa zimenezi ngakhale ndikanaipotokola chaka chonse.

Ndinapala mkuwawo ndi kafayilo mpaka unasalala, ndinaika kapaipi katsopano, n'kuonetsetsa kuti clunk sikugunda kumbuyo kwa thanki koma ikugwa momasuka mbali zonse. Kenako ndinatseka mapaipi awiri, n'kumiza thanki m'ndowa ya madzi ndikuuzira mpweya pa kachitatu. Palibe kathovu kanatuluka. Pobwezeretsa ndinaikulunga ndi siponji kuti mafuta asamachite thovu ndi kugwedezeka, ndipo ndinasinthanso kapaipi kochokera ku ekizozi kamene kamakankhira mpweya mu thanki, popeza nako kanali katauma. Pulagi yachitatu, singano makiliki atatu kubwerera.

Inauluka mphindi zisanu ndi zinayi. Itafika mphindi yachisanu manja anga anauma pa wailesi, khutu lonse lili kumwamba, koma kulira sikunasinthe ndipo kautsi koyera kankaonekabe kumbuyo. Ndinatera injini ikulira, n'kuiyendetsa pa udzu mpaka pamapazi anga. Madala anangogwedeza mutu n'kubwerera ku ndege yawo.

Chikundidetsa nkhawa tsopano ndi chimene maulendo otentha aja asiya m'kati. Mutu wa injini wachita bulauni, ndipo ndikatembenuza pulopela ndi dzanja sindikumva kulimba kuja kunalipo pisitoni ikafika pamwamba. Madzulo ano ndatsanula mafuta onse, ndaliza injini mpaka yauma, ndi kudonthezera oyilo mu kabuleta kuti mabelingi asachite dzimbiri. M'kati mwa sabatayi ndimasula mutu ndi chivundikiro chakumbuyo kuti ndione pisitoni ndi silinda.