Loweruka la pa njinga ku Matsumoto

Ntchafu zikuwawa pamene ndikulemba izi. Mlandu ndi wa masitepe a m'nyumba yakale ya malinga ya ku Matsumoto, njinga yokha ilibe chifukwa.

Ndinafika ku Matsumoto, mzinda wa ku Japan, dzulo usiku pa sitima ya pamtunda ya Azusa yochokera ku Shinjuku mu Tokyo, ulendo wa maola awiri ndi theka ndi kamphindi. Kunja kunali bii, moti mapiri ndawaona lero m'mawa nditatsegula katani. Ali ndandanda chakumadzulo, nsonga zake zitayera kale ndi chipale ngakhale tili mu Novembala. Amawatchula kuti Northern Alps. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kamphepo kake ka m'mawa kandikumbutsa Dedza mu Juni.

Njinga ndabwereka pafupi ndi siteshoni. Ndi ya mtundu umene kuno amati mamachari, kutanthauza njinga ya amayi: basiketi kutsogolo, belu, chishalo chotsika. Mnyamata wa kabaza ataiona akhoza kuseka mpaka kugwa. Loko wake ali pa tayala lakumbuyo, ndipo kiyi amakhala momwemo ukamapalasa, umamuzula pokhapokha ukakiya. Ine ndatha mphindi zingapo ndikukankha njinga yokiya, tayala likukwekwereza pansi, mpaka bambo wobwereketsayo anatuluka, nawerama pang'ono mwaulemu, n'kunditsegulira osanena kanthu. Manyazi ake! Chondipepesa n'chakuti kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, ndiye pamsewu sindinasokonezeke.

Nyumba ya malinga ndaifika isanakwane 9 koloko. Ndi yakuda, yamatabwa, itazunguliridwa ndi ngalande yamadzi momwe muli nsomba zonenepa zamawangamawanga. Nsanja yake yaikulu inamangidwa cha m'ma 1590, ndipo ili m'gulu la chuma cha dziko la Japan. Panja umawerenga madenga asanu, koma m'kati muli zipinda zosanja zisanu ndi chimodzi. China chinabisidwa, chilibe mawindo enieni. Pakhomo umavula nsapato n'kuzinyamula m'jumbo. Masitepe ake ndi makwerero basi, ena umachita kukwawa ndi manja, jumbo ili kukamwa kapena kukhwapa. Kutsogolo kwanga kunali agogo aamuna a imvi mbuu, akukwera ngati gologolo, ine wefuwefu pambuyo. Mu 1872 nsanjayi inagulitsidwa pa okushoni kuti igwetsedwe, koma Ichikawa Ryozo ndi anthu ena a mumzindawu anailimbira mpaka inapulumuka. Chandiseketsa ndi kachipinda ka khonde lofiira kamene anawonjezera cha m'ma 1630, nkhondo zitatha. Ntchito yake? Kukhalamo n'kumaonera mwezi.

Kuchoka apo ndatsikira ku Nawate, kamsewu ka m'mbali mwa mtsinje wa Metoba. Apa ndatsika n'kumakankha chifukwa cha anthu. Paliponse ndi achule: amiyala, amatabwa, a pa makapu. M'Chijapani mawu akuti kaeru ndi chule, komanso ndi kubwerera, ndiye anthu amagula kachule kuti akafike bwino kwawo. Ndagula taiyaki, chikondamoyo chooneka ngati nsomba koma m'kati muli nyemba zothira shuga. Nyemba za shuga, abale. Mayi anga atamva anganene kuti ndawononga ndiwo. Ndadya ziwiri.

Ku Nakamachi, tsidya la mtsinje, kuli nyumba zakale za amalonda za zipupa zochindikala, zoyera ndi mizere yopingasa pa zakuda. Anazimanga choncho poopa moto, utapsereza dera lalikulu mu 1888. Ndadutsapo mwachangu, masitolo ake ndi a anthu a thumba lolemera.

Pamene ndakhalitsa ndi pa chitsime cha Genchi. Sindinachifune, ndinangokhota kamsewu kolakwika n'kumva madzi akulira m'ngalande. Mzinda wonsewu wakhala pa madzi otsika m'mapiri, ndipo akasupe ali mbwee m'makona a misewu. Woyenda pa basi sangawaone. Chitsimechi chili ndi kadenga kake, mpanda wamatabwa, ndi zikho za mpini wautali. Madzi amatumphuka okha pansi, oyera mpaka kuona timiyala. Ndapeza agogo aakazi atatsamiritsa njinga yonga yanga yomwe, basiketi itadzaza mabotolo opanda kanthu. Amatunga chikho chimodzichimodzi, osataya ngakhale dontho, akucheza ndi bambo wina amene amadikira ndi chigubu. M'dziko la masitima othamanga ngati mphepo, anthu ali pamzere wa pachitsime ngati pa mjigo wa kwathu, mipopi ali nayo m'nyumba. Agogowo atandiona ndaima ngati mlendo wosowa pokhala, anandipatsa chikho n'kunena kuti "dozo". Ndinalandira ndi manja awiri, mwachizolowezi, iwo n'kumwetulira. Madziwo anali ozizira mpaka mano kuchita dzanzi. Anandilozera botolo langa la m'sitolo, n'kuchita ndi dzanja kuti nditaye otsalawo ndithiremo awa. Ndinamvera.

Masana ndadya soba, zingwe zaufa zotuwa zimene dera lino la Nagano limatchuka nazo, zozizira, zoviika mu msuzi. Zokoma, koma pofika 3 koloko m'mimba munali mukufunsa kuti nsima ibwera liti.

Ndinafuna kuona sukulu yakale ya Kaichi, yomangidwa mu 1876, ndipo ndaiona panja pokha: angelo awiri osema atanyamula chikwangwani, chinjoka pansi pawo. Dzuwa linali litayamba kubisala kuseri kwa mapiri, ndipo kuno likangotero kuzizira kumagwa nthawi yomweyo. Ndapalasa kubwerera manja ali gwaa, botolo la madzi a ku Genchi likugubuduka m'basiketi. Pobweza njinga ndaikiya ndekha n'kupereka kiyi. Bambo uja anawerama, ine ndinawerama kuposa iye, iye n'kuweramanso.