Sabata yachisanu: ndalama ya chipereganyu isadyedwe kawiri

Chaka chatha R500 ya mayi wina wa m'chipereganyu chathu cha ku Rosettenville, mu Johannesburg, inalowa kawiri m'kabuku, ndipo tinakokanakokana mpaka usiku. Kuyambira pamenepo ndimati ndikaweruka ndimakhala pa laputopu kulemba kapulogalamu kowerengera zoperekazo m'chilankhulo cha mapulogalamu cha Haskell.

Sabata ino ndinayesa LinearTypes, mbali yoonjezera ya Haskell imene umachita kuyatsa. Nzeru yake ndi yokoma zedi. Mukalemba `Ndalama %1 -> Risiti`, GHC, pulogalamu yomasulira Haskell, imaonetsetsa kuti ndalamayo yagwira ntchito kamodzi kokha. Mukaipereka kawiri imakana, mukaiiwala imakananso. Ndinaona ngati ndapeza msungichuma wosagona tulo.

Mavuto anayamba Lachiwiri. Ndinali pa GHC 9.4, ndiye nditangoika ndalamayo mu `let` (mawu opatsira chinthu dzina), basi uthenga wokana wakuti `'Many` (kambiri) sakugwirizana ndi `'One` (kamodzi). Ndinapenyetsetsa mizere inayi yokha mpaka tiyi anazizira, osaona cholakwa. Pamene cholakwacho si changa: LinearTypes inabwera ndi 9.0 mu 2021, koma `let` ndi `where` zinayamba kulemekeza lamuloli mu 9.10, ya 2024. Ndinakweza GHC ndi ghcup, chida choikira Haskell, data ya pafoni n'kutheratu, mizere ija n'kudutsa osasinthapo kanthu.

Chachiwiri n'chimene chandifooketsa. `map` ndi `foldr`, zida za mu base (laibulale yobwera ndi GHC), sizilonjeza kugwira chinthu kamodzi, choncho muyenera kutenga laibulale ya linear-base ya kampani ya Tweag n'kusamukira ku Prelude yake, ndiye kuti zida zake zoyambira. Laibulale ina iliyonse imene ndimadalira ndiyenera kuikulunga ndekha. Mabuku a GHC omwewo amanena poyera kuti LinearTypes idakali yoyeserera, ndipo sakunama.

GADTs ndi DataKinds, mbali zinanso zoonjezera za Haskell, n'zosiyana. Ndinazigwiritsa ntchito kusiyanitsa membala amene walandira kale ndi amene akudikira, kuti wina asalandire kawiri ulendo umodzi, ndipo sizinandivutitse ngakhale pang'ono. N'zosadabwitsa: DataKinds ilipo kuyambira 7.4 mu 2012, GADTs ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo zonse ziwiri zili mu GHC2024, mndandanda wa mbali zoyatsidwa pamodzi, moti mukausankha simuchita kuziyatsa pamwamba pa fayilo.

Achimwene amene timakhala nawo anasuzumira n'kufunsa kuti, "Kodi zimenezi zitha liti, poti Loweruka tikusonkha?" Ndiye za Loweruka ndapita ndi GADTs. LinearTypes ndaisiya pa branch (nthambi ya pulogalamuyi) yakeyake, ndikaibwerera ndikamaliza mbali yosindikiza malisiti.