Zikomo inu amene munafukula mng'ono wanga m'chipale

Mng'ono wanga watuluka m'chipatala. Akuyendera ndodo, nthiti zikumupwetekabe akaseka, koma ali moyo. Banja landituma kuti ndithokoze, ndipo ndiyamba ndi anzake awiri amene anali naye kumapiri a Alps, ku Ulaya, tsiku limene chigumukire cha chipale chofewa chinamukwirira.

Inu awiri, pomwe helikopita imafika n'kuti mutamutulutsa kale mutu. Nkhani yonse yagona pamenepo. Kafukufuku wa ku Switzerland anapeza kuti mwa anthu 100 okwiririka thupi lonse, oposa 90 amapezeka amoyo akafukulidwa mphindi 15 zisanathe. Zikakwana mphindi 35, otsala ndi pafupifupi 30 okha, chifukwa ambiri amafa ndi kubanika. Chipale chikagumuka n'kuima chimauma ngati simenti, munthu sangagwedeze ndi chala chomwe. Simunathamangire kukafuna anthu. Munatsata chizindikiro chochokera ku kachipangizo kamene anavala pachifuwa, munabaya ndodo yofufuzira mpaka inamukhudza, kenako munakumba moyambira chakumunsi, mukulandirana fosholo. Mutaona nkhope, munayamba mwamuchotsa chipale m'kamwa. Mwana wa mayi anga anapuma chifukwa zimenezi munaziyeserera kalekale, masiku amene ena ankati mukutaya nthawi.

Ndikuthokozanso akatswiri amene amakwera phiri m'bandakucha kukakumba dzenje m'chipale n'kuona mmene chayalanira. Tsikulo analengeza kuti ngozi ili pa 3, pa mulingo wa 1 mpaka 5 umene mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993. Nambala imeneyi ndi yonyenga. Imaoneka yapakatikati, chonsecho imfa zambiri zimachitika pomwepo, poti phiri limaoneka labwinobwino ndipo anthu amalimba mtima. Pansi panali chipale chakale chanjerenjere chosagwirana, pamwamba mphepo itaunjika china cholimba. Pamalo otsetsereka madigiri 30 mpaka 45, kulemera kwa munthu mmodzi kumakwanira kuthyola chapansicho, chapamwamba chonse n'kutsetsereka nthawi imodzi. Chenjezo la akatswiriwa ndi limene linachititsa atatuwa kutsika mmodzimmodzi, ena akudikira pambali. Akanatsikira pamodzi, wokumba akanakhala ndani?

A gulu lopulumutsa anthu kumapiri, oyendetsa helikopita, madokotala amene munamutenthetsa thupi pang'onopang'ono ndi kulumikiza fupa la mwendo, anamwino a usiku, mayina anu ambiri sitikuwadziwa, koma Mulungu akudalitseni. Abale ndi anansi amene munaimba foni, kupemphera ndi kukhala pafupi ndi amayi pamene nkhani inali isanamveke bwino, tilibe nanu mawu.

Ambiri mwafunsa ngati adzabwererenso kuphiri. Iye akuti inde, amayi akuti ayi, ine ndangokhala chete kaye. Ofuna kudzamuona bwerani masana, chifukwa m'mawa amakhala ku mafizo.