Zimene ndinaphunzira pogula galimoto ndi pokonzetsa nyumba m'chaka chimodzi

M'chaka chimodzi chomwecho ndinagula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ndiponso ndinakonzetsa nyumba imene ndimakhala. Mtengo umene ndinalipira pa galimoto ndimakhutira nawo mpaka lero, koma pa nyumba ndinawononga ndalama zoposa kwambiri zimene ndinakonzekera, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzifunsa chifukwa chake munthu mmodzi yemweyo anachita bwino kuno n'kulephera uko. Ndinadzazindikira kuti wogula amakhala ndi mphamvu pokhapokha ngati angathe kunyamuka n'kuchoka. Kwa wogulitsa galimoto mphamvu imeneyi ndinali nayo mpaka pamene ndinasaina mapepala, pamene kunyumba inandithera m'mawa wa tsiku limene amisiri anasasula denga.

Vuto lalikulu pogula galimoto yakale ndi lakuti wogulitsa amaidziwa mkati ndi kunja, pamene wogula amangoona penti yonyezimira ndi mipando yotsukidwa bwino. Katswiri wa zachuma George Akerlof analemba za vutoli mu 1970. Iye anasonyeza kuti ogula akamalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa amangofuna kulipira mtengo wapakati, eni magalimoto abwino amakana kugulitsa pa mtengo umenewo, ndipo mapeto ake pamsika pamachuluka magalimoto oipa. Maganizo amenewa ndi amene anamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2001. Kwa ife ogula, tanthauzo lake ndi lakuti munthu asanayambe kunenerera ayenera kuidziwa galimotoyo pafupifupi monga mmene mwini wake akuidziwira.

Ine ndinapita ndi makaniko amene ndinamulipira ndekha ndipo sankadziwana ndi wogulitsa. Ndinapempha kuti tikaipeze galimotoyo m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini ikatentha imabisa kuvuta kulira, utsi wabuluu wosonyeza kuti ikuwotcha oyilo, ndiponso phokoso limene limazimiririka oyilo akazungulira. Tinayerekeza nambala ya chesisi ndi imene inali pamapepala. Nambala imeneyi, imene imatchedwa VIN, pa magalimoto ambiri opangidwa kuyambira 1981 imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo ngati pena pake yafufutidwa kapena ikusiyana ndi ya pamapepala, palibenso chifukwa chokambirana za mtengo. Makaniko analumikizanso kamakina kowerengera zolakwika zimene kompyuta ya galimoto imasunga, kudzera pa soketi ya OBD imene imakhala pansi pa chiwongolero. Ngakhale matayala amaulula zaka zake, pakuti m'mbali mwake mumalembedwa manambala anayi, awiri oyamba a sabata ndi awiri omaliza a chaka, moti 2319 amatanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tsiku limenelo tinapeza kuti matayala onse anali okalamba, mabuleki akutsogolo anali atatha, ndipo panalibe umboni wakuti lamba wa injini anasinthidwapo. Makaniko analemba mtengo wokonzera chilichonse, ndipo pepala limeneli ndi limene ndinalowa nalo pokambirana.

Pa kukambirana kwenikweni, chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira ndi mphamvu ya nambala yoyamba kutchulidwa. Mu 1974 akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti mwa mayiko a m'bungwe la United Nations, ndi angati pa 100 alionse amene ali a mu Africa. Anthu amene gudumu linawaimira pa 10 anayankha cha m'ma 25, pamene amene linawaimira pa 65 anayankha cha m'ma 45, ngakhale kuti gudumulo linalibe chochita ndi funsolo. Mtengo wolembedwa pagalasi la galimoto umagwira ntchito chimodzimodzi. Wogulitsa akachotserako pang'ono, mtima wako umasangalala ngati wapindula, pamene mwina mtengo woyambawo unali wokwezedwa dala. Njira yodzitetezera ndi kufika uli ndi nambala yakoyako, yochokera pa mitengo ya magalimoto ena asanu kapena asanu ndi limodzi a mtundu womwewo, a chaka chomwecho, oyenda mtunda wofanana. Pa nambala imeneyo ndinachotsa mtengo wa zokonza zija, ndipo yotsalayo ndi imene ndinaitchula, n'kufotokoza kumene yachokera.

Wogulitsa sanayankhe za mtengo. Anandifunsa kuti ndingakwanitse kulipira zingati pamwezi, ndipo funso limeneli ndikupempha aliyense wogula pa ngongole kuti asaliyankhe msanga. Malipiro a pamwezi angathe kutsitsidwa mosavuta pongotalikitsa nthawi yobwezera, koma ndalama zonse zimene munthu adzalipire zimakwera. Munthu akabwereka 100 pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka n'kubweza m'miyezi 36, amalipira pafupifupi 3.32 pamwezi ndipo zonse pamodzi zimakwana pafupifupi 120. Akabweza m'miyezi 72 amalipira pafupifupi 1.96 pamwezi, koma zonse pamodzi zimafika pa 141, kutanthauza kuti chiwongoladzanja chawirikiza kawiri. N'chifukwa chake ndinaumirira kuti tiyambe tagwirizana mtengo wonse wa galimoto, wophatikiza msonkho ndi ndalama za mapepala, ndipo ulembedwe. Nkhani ya ngongole inabwera pambuyo, nditafunsa kale kubanki kuti ndikhale ndi choyerekezera. Amene akufuna kusiya galimoto yake yakale kwa wogulitsa yemweyo ngati gawo la malipiro ayeneranso kuikambirana payokha, chifukwa zinthu zitatuzi zikasakanizidwa, wogulitsa angathe kukuchotsera pamodzi n'kudzabweza ndalamayo penapo iwe osazindikira.

Sitinagwirizane tsiku limenelo. Ndinauzidwa kuti pali munthu wina amene akubwera madzulo kudzaitenga, ndipo ndinayankha mwaulemu kuti ngati ndi choncho ndiwafunira zabwino, n'kusiya nambala yanga ya foni. Sindinachite zimenezi ngati njira yowopsezera, popeza ndinali nditaona kale magalimoto ena awiri amene ndikanakhutira nawo. Patapita masiku atatu anandiimbira, ndipo tinagwirizana pa mtengo woyandikira kwambiri wanga.

Ndinalowa m'ntchito yokonzetsa nyumba ndikudzikhulupirira chifukwa cha zimenezi, ndipo m'pamene ndinalakwitsa. Ndinaitana amisiri atatu, aliyense anandipatsa mtengo wake, ndinanenerera bwino ndithu, ndipo ndinasankha wotsika mtengo kuposa onse. Chimene sindinaone n'chakuti mitengo itatuyo sinali ya ntchito yofanana. Aliyense analemba nambala imodzi pansi pa mawu ochepa akuti kukonza denga, bafa ndi khitchini, ndipo aliyense ankaganizira zakezake. Wotsika mtengoyo sanawerengere kuchotsa zinyalala, kusintha matabwa owola a denga, ngakhale kupenta makoma amene adzagumulidwe poika mapaipi. Zonsezi zinatulukira ntchito ili mkati, ndipo chilichonse chinabwera ndi mtengo wake. Ndinali nditalipiratu theka la ndalama, malata anali pansi, mvula inali pafupi. Pamenepo kukana kunalibe tanthauzo, chifukwa mmisiri wina sakanavomera msanga kumaliza ntchito yoyambidwa ndi mnzake, ndipo akanavomera, akanatchula mtengo wodziwa kuti ndilibe kolowera.

Sindikunena kuti mmisiriyo anali wakuba. Zina mwa zimene anapeza sakanatha kuziona asanatsegule, pakuti nyumba yakale imabisa chinyezi kuseri kwa pulasitala, chiswe m'matabwa, mapaipi adzimbiri ndi mawaya a magetsi amene pulasitiki yake inauma. Komanso anthu tonse timakonda kuchepetsa nthawi ndi ndalama zimene ntchito idzatenge, khalidwe limene Kahneman ndi Tversky omwe aja analifotokoza mu 1979. Ngakhale akatswiri aakulu amagwa mumsampha womwewu. Nyumba ya zisudzo ya Sydney Opera House inayerekezeredwa kuti idzadya madola 7 miliyoni a ku Australia n'kutha mu 1963, koma inatsegulidwa mu 1973 itadya madola 102 miliyoni. Cholakwa changa chinali chakuti ndinakonzekera ngati kuti palibe chobisika chimene chidzatulukire, pamene omanga ambiri amalangiza kuika pambali 10 mpaka 20 peresenti ya mtengo wonse, ndipo nyumba ikakhala yakale kwambiri ndi bwino kutsamira ku nambala yaikuluyo.

Gawo lina la ndalama zowonjezerazo ndinaliyambitsa ndekha. Khoma litagumulidwa ndinaganiza kuti popeza ntchito yayambika kale, ndi bwino kusunthiratu sinki, kuwonjezera masoketi ndi kusintha matailosi amene ndinasankha poyamba. Kusintha kulikonse kunkaoneka kochepa, ndipo ndinkangonena pakamwa mmisiri n'kuvomera. Kusuntha sinki mita imodzi kumakoka mapaipi a madzi abwino, mapaipi a madzi oipa, kugumula pansi, simenti ndi masiku ena a ntchito. Pa mapeto sitinkagwirizananso kuti tinanena chiyani, ndipo panalibe pepala loti litiweruze.

Pamene ndinadzakonzetsa gawo lotsala la nyumbayo, ndinachita mosiyana. Ndinayamba ndalemba ndekha mndandanda wa ntchito chipinda ndi chipinda, wotchula miyeso, mtundu wa zipangizo ndi amene adzazigule, ndipo mndandanda womwewo ndi umene ndinapatsa amisiri onse kuti aike mtengo pa mzere uliwonse, ntchito payokha ndi zipangizo pazokha. Apa m'pamene mitengo inayamba kuyerekezeka, ndipo mzere umene wina anausiya wopanda kanthu unaonekera nthawi yomweyo. Ndinapitanso kukaona ntchito zimene mmisiri amene ndinamusankha anagwira zaka ziwiri kapena zitatu m'mbuyomo, chifukwa ntchito yatsopano iliyonse imaoneka yokongola, pamene ming'alu ndi kudontha zimaoneka patapita nyengo zingapo za mvula.

Mu mgwirizano tinalemba kuti ndalama ziziperekedwa m'magawo, gawo lililonse likatha ndipo ndaliona. Ndalama yoyamba inali yongokwanira zipangizo zoyambira, ndipo 5 peresenti ya mtengo wonse inatsala m'manja mwanga kwa miyezi ingapo ntchito itatha, kuti zolakwika zimene zingatulukire zikonzedwe. Tinalembanso kuti chosintha chilichonse, kaya chochokera kwa ine kaya kwa iye, chiyambe chalembedwa pamodzi ndi mtengo wake ndi masiku ake, tonse tisaine, kenako ntchito ichitike. Ndalama yosungidwayi ndi imene imalowa m'malo mwa mphamvu yochoka ija, pakuti munthu sangachoke panyumba pake, koma angathe kuonetsetsa kuti tsiku lililonse ntchito imene yagwiridwa ikuposa pang'ono ndalama zimene zaperekedwa.

Dongosolo la ntchito nalonso limapulumutsa ndalama. Denga ndi chilichonse cholowetsa madzi chiyenera kuyamba, kenako mapaipi ndi mawaya, kenako pulasitala, ndipo matailosi ndi penti zikhale zomaliza. Amene amayamba ndi zooneka m'maso amadzagumula zimene walipira kale. Ntchito zina sizifuna kufulumizitsa. Konkire imafunika kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo mphamvu yake imayesedwa pa masiku 28, kotero mwini nyumba amene amakakamiza amisiri kuti apitirire msanga amadziputira ming'alu. Penti yopakidwa pa pulasitala yosauma imatukusira n'kuyamba kusupuka.

Ndiyeneranso kunena za mbali ya mmisiri, chifukwa mgwirizano umamanga anthu awiri. Gawo likatha ndinkalipira tsiku lomwelo, ndipo zipangizo zimene ndinalonjeza kugula ndinkazifikitsa zisanafunike, popeza mmisiri ali ndi antchito oti awalipire ndipo tsiku limene akhala osagwira ntchito chifukwa cha ine ndi ndalama yotayika kwa iye. Sindinamupanikize mpaka kufika pa mtengo umene sakanapeza nawo phindu, chifukwa mmisiri wopanikizidwa motero amadzabweza ndalama yake pochepetsa simenti kapena kugula mawaya osalimba, m'malo amene ine sindingathe kuona.

Ulendo wachiwiriwu chobisika chinatulukiranso. Pansi pa bafa panali paipi yosweka imene inanyowetsa maziko a khoma limodzi. Mmisiri anaimitsa ntchito, anandiitana kuti ndidzaone, analemba mtengo wokonzera, tinasaina tonse, ndipo ndalamayo inachokera pa zimene ndinaika pambali. Ntchito inachedwa ndi masiku asanu ndi anayi, ndipo pa ndalama zoika pambalizo panatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.