Tsitsi silidya mafuta

Ndangochoka ku saluni ku Mtendere, wondiluka akuti "amama tsitsi lanu lathothoka kutsogoloku, gulani mafuta awa", kabotolo kakang'ono chabe koma mtengo wake ungagule kapenta wa sabata yonse. Ndaseka koma mumtima zandiwawa chifukwa timabotolo totere ndagula kale titatu.

Ndili mu minibasi ndamuimbira mng'ono wanga, nesi uja. Ati asisi, tsitsi lomwe mumapakalo ndi lakufa kale, lamoyo lili kumizu pansi pa khungu ndipo limadya zomwe magazi abweretsa, limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi basi kaya mupake chiyani. Ati limapangidwa ndi puloteni yotchedwa keratin, ndiye ndiwo zikakhala zosalongosoka kapena ayironi akachepa m'magazi limayamba kuthothoka. Ine amene mmawa ndi tiyi ndi vitumbuwa, masana nsima ya kabichi tsiku ndi tsiku... manyazi andigwira mu basi momwemo!

Manje ndatsikira ku msika wa Soweto, ndagula kapenta, nyemba, mazira ndi bondwe. Zoluka zothina zija zokoka mpaka maso ndazisiya kaye, mutu upumeko.